Phala la kusukulu si nyambo chabe

Pali mawu amene akuyenda kwambiri pa Facebook, m'maminibasi ngakhalenso m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, akuti phala la kusukulu ndi nyambo chabe. Eni mawuwa amati ana amalawirira ndi makapu m'manja, akangomwa phala mtima wachoka kale m'kalasi, ndipo ngakhale sukulu zina zaphika kwa zaka zambiri, ana a sitandade 4 akulepherabe kuwerenga. Ena odziwa za thanzi amawonjezera kuti m'mera mpoyamba: mwana amapinimbira m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri, ndiye kudyetsa wa zaka zisanu ndi ziwiri n'kumwaza ndalama zimene zikanagula mabuku. M'mawu amenewa muli choonadi pang'ono, n'chifukwa chake afala. Koma akulakwitsa pofuna kuti phala ligwire ntchito ya mphunzitsi, kenako n'kumaliimba mlandu likalephera.

Tiyambe ndi kalendala ya ku Kasungu. Teremu yachiwiri imatsegulidwa mu Januwale, nkhokwe zambiri zili pululu, ndipo ndi miyezi yomweyo imene fodya amafuna manja ochuluka: kuthyola masamba, kusoka, kupachika m'chigafa, kenako kusankha ndi kumanga ndindi. Ndalama zake siziwoneka mpaka msika wa ku Chinkhoma utatsegulidwa, nthawi zambiri cha mu Epulo kapena pambuyo pake, ndipo wolima pa esiteti ya mwini amazilandira atadulidwa kale ngongole ya chimanga chimene banja linadya chaka chonse. Kholo la kwa Santhe kapena kwa Wimbe likadzuka mu Febuluwale, limayerekeza zinthu ziwiri: mwana apite kusukulu kumene phindu lake lidzaoneke patapita zaka khumi, kapena athandize ganyu amene abweretse ufa madzulo omwewo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo kholo lotere silinapenge likasankha ganyu. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, limene linamva kuchokera kwa ana a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, linasonyeza kuti mwana wogwira fodya wauwisi atha kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 patsiku. Malamulo alipo: la maphunziro la mu 2013 limakakamiza mwana aliyense kuphunzira pulayimale, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Komabe amene amaweruza m'mawa uliwonse ndi kholo, ndipo kapu ya phala imachititsa kuti sukulu nayonso ikhale ndi chake choperekeratu lero. Amene akuti ana amabwerera phala akunena zoona, kungoti sakuona kuti chimenecho ndiye chipambano choyamba, pakuti mwana amene ali m'chigafa palibe mphunzitsi angamufikire.

Nanga akafika, phalalo limathandiza kuti aphunzire? Umboni ulipo, ndipo ukuchokera kumaiko amene njala amaidziwa. Ku Jamaica, m'kafukufuku wa Simeon ndi Grantham-McGregor wa mu 1989, ana ankayesedwa nzeru tsiku lina atadya m'mawa, tsiku lina asanadye. Ana athanzi sanasinthe kwenikweni, koma opinimbira ndi amene anadwalapo matenda a kunyentchera anakhoza mochepa tsiku limene sanadye. Ku Ghana, kumene boma limadyetsa ana m'sukulu zake, ofufuza anayerekeza midzi yolandira chakudya ndi yosalandira, ndipo anapeza kuti kuwerenga ndi masamu zinakwera, makamaka pakati pa atsikana ndi ana a m'mabanja osaukitsitsa. Izi zikulongosola chifukwa chake munthu wa m'tauni, amene mwana wake amamwa tiyi ndi buledi asananyamuke, saona kusiyana kulikonse. Phindu la phala limakula pamene njala yakula.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo tisaizembe. Kumadzulo kwa Kenya, Christel Vermeersch ndi Michael Kremer anatsatira sukulu za mkaka zimene zinayamba kupereka phala. Ana obwera anachuluka ndi pafupifupi 30 peresenti, koma pa mayeso anakhoza bwino kokha kumene mphunzitsi anali wodziwa ntchito. Kuno kwathu nkhaniyi tikuidziwa bwino. Boma litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa mamiliyoni atatu, ndipo mpaka lero makalasi ang'onoang'ono m'sukulu zambiri za kumidzi amadzaza ndi ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, buku limodzi akulimbirana angapo. Mwana wa sitandade 4 akalephera kuwerenga m'kalasi yotere, mlandu uli pa kuchepa kwa aphunzitsi, zipinda ndi mabuku. Kuchotsa phala sikungawonjezere mphunzitsi ngakhale mmodzi. Kungachepetse ana m'kalasi, inde, koma ochokawo adzakhala ana a anthu olima fodya wa eni, omwe ndi amene sukulu inayenera kuwagwira kwambiri.

Za masiku 1,000 n'zoona kuti phala la sitandade 1 silingabweze msinkhu umene mwana anataya ali kumsana. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010, ndipo lipoti lina lofufuza zimene njala imawononga linawerengera kuti mu 2012 kunyentchera kwa ana kunadyera dziko lino 10.3 peresenti ya chuma chonse chimene linapanga chaka chimenecho. Ntchito ya ku sikelo iyenera kulimbikitsidwa. Koma anthu asasokoneze kupinimbira kwa kale ndi njala ya lero. Mwana amene anapinimbira ali m'kalasi panopa, adzakhalamo zaka zisanu ndi zitatu ngati tamusunga, ndipo ndi iyeyo amene ubongo wake umafooka msanga akagona ndi njala. Kumutaya chifukwa tinachedwa kumuthandiza ali khanda n'kumulanga kawiri. Komanso mtsikana wa sitandade 6 lero ndi mayi wa mawa. Ku India, kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti amayi amene ankadya kusukulu ali ana anabereka ana okula bwino msinkhu kuposa anzawo amene sanalandire chakudyacho.

Zodandaula zenizeni zili kwina, ndipo n'zimene tikanakonda kumva pa Facebook. Phala loperekedwa cha m'ma 10 koloko limapeza maphunziro oyambirira atadutsa mwana ali ndi njala, ndipo mzere wautali umadya nthawi ya kalasi. Sukulu zimene amayi amaphika mbandakucha kuti ana amwe belu lisanalire ndizo zikuchita bwino. Amayiwo amagwira ntchito yaulere, kutunga madzi ndi kufuna nkhuni m'dera limene mitengo inatha kale ndi zigafa. Ufa ukachedwa kufika mu Januwale chifukwa cha misewu ya matope, ndiye kuti wasowa pa nthawi imene ukufunika kuposa miyezi ina yonse. Ndipo chiyambireni pamene World Food Programme inayamba kudyetsa ana ku Dedza mu 1999 ndipo Mary's Meals inayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, mbali yaikulu ya ntchitoyi yakhala m'manja mwa abwenzi akunja, amene ndalama zawo zimatha kuima tsiku lililonse. Likuni Phala ndi chimanga ndi soya basi, kuthirako mavitamini, ndipo mbewu zonse ziwirizi pamodzi ndi mtedza zimalimidwa ku Kasungu komweko. Unduna wa Maphunziro ndi khonsolo ya boma la Kasungu aike ndalama za phala m'bajeti yawo, agule mbewuzo kwa alimi ozungulira sukulu nthawi yokolola mitengo ikadali yotsika, ndipo ufa wa teremu yachiwiri ukhale utafika kusukulu mvula isanatseke misewu.