Khutu silimva liwu palokha

Aphunzitsi akafuna kuonetsa kuti kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo m'Chichewa, kawirikawiri amatchula mawu awiri paokha: mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika. Chitsanzochi nchabwino, koma ine ndikuona kuti kulekera pomwepo kumasemphana ndi mmene ubongo umamvera.

M'chaka cha 2003, Nachum Ulanovsky, Liora Las ndi Israel Nelken a ku Hebrew University ku Jerusalem anafalitsa zomwe anapeza atafufuza amphaka. Ankayeza maselo a m'chigawo cha ubongo chomwe chimalandira zomveka, chotchedwa auditory cortex, kwinaku akulizira amphakawo timaphokoso tiwiri tosiyana pang'ono kakweredwe. Kamodzi kankalira mobwerezabwereza, kenako kankangobwera mwa apo ndi apo. Maselowo ankazizira nako kobwerezabwereza kaja, koma kosowako kakalira ankayankha mwamphamvu. Atasinthanitsa, kuti kosowa kaja kakhale kobwerezabwereza, maselo anazizira nakonso. Kaphokoso nkomweko, chasintha ndi zomwe zalira patsogolo pake. Mwa anthu, Risto Näätänen wa ku Finland ndi anzake anali ataona kale zofananako mu 1978, poyeza mphamvu ya magetsi ya ubongo.

Mphaka sayankhula Chichewa, ndipo sindikunena kuti kafukufukuyu anafotokoza chiyankhulo chathu. Komabe tamvetserani chiganizo chachitali chotuluka m'kamwa mwa agogo. Liwu limanka litsikatsika, moti phatikizo lokwera la kumapeto limakhala lotsikirapo poyerekeza ndi lokwera la kumayambiriro. Tonsefe, wa ku Dedza, wa ku Chipata ngakhale wa ku Angónia, timamva onse awiri ngati okwera, chifukwa khutu limayeza phatikizo lililonse ndi anzake oyandikana nalo. Kukwera kwa liwu m'Chichewa kulibe msinkhu wokhazikika woti mwana aloweze.

Izi zikukhudza kwambiri ana athu okulira ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London, omwe ambiri sakumva Chichewa tsiku lonse. Tikawapatsa mndandanda wa mawu pa foni, liwu limodzilimodzi, tikuwamana chinthu chenicheni chomwe ubongo umagwiritsa ntchito. Zilembo zathunso sizionetsa kakweredwe ka liwu, choncho buku silingawathandize pamenepa. Amene mukukonza maphunziro otere, jambulani ziganizo zathunthu, nthano ndi macheza a akuluakulu, ndipo mténgo ndi mtengo zizimveka poyamba, pakati ndi kumapeto kwa chiganizo.