Okonza njira za m'phiri akuteteza minda yathu

Chaka ndi chaka kumabwera alendo, ena ochokera kunja, ena a m'matauni mwathu momwemuno, kudzagwira ntchito yongodzipereka m'mapiri: kukonza njira zokwerera, kulambula tchire poopa moto komanso kubzala mitengo. Alimi ambiri okhala m'munsi mwa mapiriwa amaiona ntchitoyi ngati masewera a anthu okhuta. Ine ndikuti ayi. Iyi ndi ntchito yaulimi, ndipo eni ake ndife.

Tengani phiri la Mulanje. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila imachokera m'menemo, ndipo madzi ake ndiwo amathirira madimba a kumunsi. Phiri likayera, mitsinje imasefukira m'dzinja n'kuphwa msanga m'chilimwe, nthawi imene mlimi wa tomato akuwafuna madziwo.

Nanga njira ikukhudzana bwanji ndi munda? Dothi lopondedwa limalimba, madzi salowa pansi, ndiye amathamanga motsata njirayo. Pakapita zaka zochepa, pomwe pankadutsa anthu pamakhala chigwembe, ndipo mchenga wake umakathera m'munda mwa wina. Munthu woyala miyala mopingasa njira ndi kukumba timigula topatutsa madzi akuchita zomwezo zimene timachita ndi akalozera ndi vetiva: kuchepetsa liwiro la madzi. Anthu a ku Phalombe amene adaona napolo wa 1991 komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa zimene madzi otsika m'phiri amachita. Mvula yotero palibe angailetse, koma malo oyera amakulitsa ngozi.

Tsono tiwalandire alendowa, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo yemweyo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amabzala, kujambulitsa zithunzi, n'kunyamuka. Mbande zimatsala ndi udzu, mbuzi ndi moto wa mu Okutobala. Mkungudza wa Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, wangotsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Kubzala kokha sikungaubweze ngati palibe woulondera.

Choncho mabungwe oitana alendo, mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi agwirizane zinthu zitatu mlendo asanafike. Choyamba, ntchito itsate nyengo, osati tchuthi cha mlendo. Kulambula kuchitike kuyambira Meyi mpaka Julayi udzu usanaumitsitse, ndipo mitengo ibzalidwe mu Disembala ndi Januwale kuti imwe mvula yokwanira. Mbande yobzalidwa mvula ikutsazika simaona chaka chachiwiri.

Chachiwiri, waulere asalande ganyu wa mwinimudzi. Achinyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu pa Likhubula amadya za m'phirimo. Iwo ndiwo atsogolere ntchito ndi kulipidwa, ndipo mbande zigulidwe ku nazale za m'midzi yoyandikira.

Chachitatu, tisamawerenge mitengo yobzalidwa koma yopulumuka. Malo alionse obzalidwa akhale ndi mudzi wowayang'anira, ndipo pakatha chaka tibwerere kukawerenga.

Nafenso, alimi anzanga, tisadikire wokwera ndege. Kanjira kopita kudambo kapena kuchitsime kakayamba kukumbika, sabata ino itanani anzanu, muyalemo miyala ndi kubzala vetiva m'mbali mwake. Chigwembe n'chosavuta kutseka chikadali chofika m'kakolo.