Galimoto ya Batili Nayonso Imatengedwa ndi Madzi

Mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale, madzi ocokela m'mapili ozungulila Chipata amatsika mwaukali, ndipo Lunkhwakwa imadzala m'kanthawi kocepa. Miseu ya m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika imasanduka mifolo. Apa ndi pamene eni ake a Toyota Aqua ndi Prius, magalimoto oyendela petulo ndi batili pamodzi, ayenela kuleka kudzinamiza.

Ena amaopa kuti galimoto yotele ikalowa m'madzi magetsi adzagwila onse okwelamo. Ngoziyi ndi yocepa, popeza magetsi amphamvu anatsekeledwa paokha ndipo amadzidula pakacitika vuto. Ena amaganiza kuti pokhala ndi batili, angawoloke injini ili cete. Bodza loopsa ndi ili. Injini imadzilizila yokha pamene yafunila, osafunsa dalaiva, ndipo ikakoka madzi m'malo mwa mpweya imafa pomwepo, pakati pa mtsinje.

Cimene cimapha ndi madzi enieniwo. Madzi othamanga ofika masentimita 15, pamwamba pa akakolo cabe, angagwetse munthu wamkulu. Akafika masentimita 30 akhoza kuyandamitsa galimoto yaing'ono. Aqua ndi yopepuka, ndiponso ndi yaifupi pansi. Batili yake ya mavoti 144 ili pansi pa mpando wakumbuyo, pamene ana amakhala, ndipo ili ndi kabowo kolowetsa mpweya woiziziritsa. Madzi akalowa mpaka pa mpandowo, ndalama za batili yatsopano zidzacokela pa cakudya ndi pa sukulu.

Mlandu suli pa madalaiva okha. Okwela takisi nawo amakakamiza, ati acedwa ku nchito, ati mnzake wawoloka kale. Mnzakeyo mwina anali pa lole! Ngati ulalo suoneka, kaya ndi pa mseu wa ku Mfuwe kaya wa ku Chadiza, palibe adziwa ngati ukalipo. Dalaiva wobwelela kapena woyembekeza kuti madzi aphwe ayenela kuyamikidwa, osati kunyozedwa.

Galimoto ikazima madzi ali kukwela, onse amasule malamba, atsegule mawindo msanga magetsi asanafe, aturutse ana coyamba ndi kuthawila pamalo okwela. Katundu asiyidwe.

Galimoto yomizidwa isalizidwenso. Ikokedwe kupita kwa makanika wodziwa magalimoto amenewa, ndipo wina asakhudze nthambo zokhuthala za mtundu wa lalanje, cifukwa ndizo zinyamula magetsi amphamvu.

Pali cinanso. Madzi a m'komboni amadutsa m'zimbudzi zosefukila, ndipo kolela ya 2023 ndi 2024 inapha anthu mazanamazana m'dziko muno. Amene wayenda m'madziwo asambe ndi sopo asanagwile cakudya, atsuke mabala onse, ndipo akayamba kutsegula m'mimba amwe madzi a mcele ndi shuga ali pa ulendo wopita ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital.