Mpweya Umawongola Galimoto, Koma Supepuza Katundu

Sayansi ya Pamsewu Wathu: Gawo Lachiwiri

Aliyense amene anaimapo pa Mtakataka dzuwa litapendeka amaudziwa mdidi wa magalimoto akuluakulu oyenda pa msewu wa M5, umene umachokera ku Salima n'kudzera pa Mua ndi pa Golomoti kulowera ku Balaka. Ena amasenza shuga wa ku Dwangwa, ena feteleza, simenti kapena chimanga. Anyamata ambiri amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4 amawasirira, poyesa kuti udalaivala ndi ntchito yothawirako munthu amene masamu ndi sayansi zinamkanika. Maganizo otere ngolakwika, ndipo umboni wake uli kunsi kwa galimoto yomweyo.

Galimoto yotere ili ndi zigawo ziwiri: mutu, umene madalaivala amautcha hosi, ndi ngolo yake, thirela. Pamsana pa hosi pali chimbale chachitsulo chotchedwa fifth wheel. Dzinali linachokera ku ngolo zakale zokokedwa ndi akavalo, zimene kuwonjezera pa mawilo anayi zinali ndi mkombero wachisanu wogona chafufumimba, wothandiza pokhota. Kunsi kwa thirela kuli chikhomo chachitsulo, kawirikawiri chonenepa mamilimita 50, chimene chimalowa m'chimbalemo n'kutsekeredwa. Popeza thirela ilibe matayala akutsogolo, mbali ina ya katundu wake imatsamira pa chimbalecho, ndipo chimbale chimatula mtolowo pa maekiselo akumbuyo a hosi.

Kale, pakati pa ekiselo ndi thupi la galimoto pankakhala masipuling'i okhaokha, zitsulo zophanthiphanthi zosanjikizana. Katundu akachuluka zitsulozo zinkawerama, galimoto n'kukhala ngati yanjuta, ndipo ngakhale mwana woweta mbuzi ankaona kuti yasenzetsedwa mopyola muyeso. Magalimoto ambiri amakono ali ndi matumba a mphira odzaza mpweya, amene amakaniko amawatcha ma airbag. Mpweyawo umachokera ku kompuresa yomwe imadzazanso matanki a mabuleki. Pakati pa ekiselo ndi thupi pali valavu yokhala ndi kamkono. Katundu akalemera, thupi limatsika, kamkono kamatsekula valavu, mpweya n'kulowa m'matumba kufikira thupi litabwerera pa msinkhu wake. Katundu akatsitsidwa, valavu imatulutsa mpweya wotsalawo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto ya matumba imaima chilili, yowongoka bwino, kaya yanyamula matani 20 kaya 40. Diso silingathenso kuiweruza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpweya umakweza thupi la galimoto, koma suchotsa ngakhale kilogalamu imodzi pa matayala, pa mabuleki, kapena pa phula. Ndi chimodzimodzinso ndi eni magalimoto ang'onoang'ono amene amawonjezera matumba opopa okha kuti akoke ngolo yolemera: kumbuyo kumadzuka ndithu, koma malire amene fakitale inalemba pa kachitsulo ka pachitseko sasintha.

Chimene diso lalephera, geji ya mpweya imanena. Wophunzira sayansi amadziwa kuti mphamvu imapezeka pochulukitsa kukankha kwa mpweya ndi kukula kwa malo amene ukukankhapo. Bar imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Mwachitsanzo, thumba la masikweya sentimita 400 lokhala ndi mabar 5 likusenza makilogalamu pafupifupi 2,000. Singano ikafika pa 6, likusenza 2,400. Motero geji imeneyi ndi sikelo imene dalaivala amayenda nayo. Wochenjera amaloweza pamene singano inaima tsiku limene galimoto yake inayezedwa pa sikelo ya boma n'kupezeka ili m'malire, ndipo polongedza katundu salola kuti ipyole pamenepo.

Malirewo alipo pa chifukwa. Pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, akatswiri anayendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyesera. Anapeza kuti kulemera kwa ekiselo kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Ekiselo yoyenera matani 10 ikasenza 12, kuwononga kwake kumaposa pang'ono kwa maekiselo awiri omvera lamulo. N'chifukwa chake maiko a SADC ndi COMESA anagwirizana malire: matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, 18 pa maekiselo awiri oyandikana, 24 pa atatu, ndi 56 pa galimoto yonse. Dothi lakuda la m'chigwa cha Bwanje limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, kotero phula loyalidwa pamwamba pake silichedwa kugonja. Maenje akabadwa, amene amalipira ndi mayi wodwala wothamangira naye ku chipatala cha Mua, ndi mlimi amene mpunga wake ukuchedwa kufika ku msika.

Dalaivala wodziwa ntchito, tsono, sasewera ndi kamkono ka valavu. Amaimika galimoto pamalo athyathyathya, napinga matayala, nadikira matanki adzaze, kenaka nayeza ndi tepi mtunda wa pakati pa ekiselo ndi thupi monga buku la galimotoyo likunenera. Msinkhu ukatsika kwambiri, matumba amapindika n'kung'ambika; ukakwera kwambiri, shafuti imapendekeka ndipo mfundo zake zimadyeka msanga. Amapaka madzi a sopo pa matumba ndi mapaipi kuti thovu limuonetse pamene pakutuluka mpweya, ndipo amakhetsa madzi m'matanki, pakuti chinyontho cha kunyanja chimadzetsa dzimbiri. Amene atsike phiri la Khwekhwelere kuchokera ku Masasa kudza ku Golomoti sayenera kunyamuka ndi kompuresa yotopa kale ndi kudzaza thumba lobooka.

Ena adzati dalaivala ndi wolembedwa chabe, ndipo bwana akalamula matumba ena 50 a feteleza, wokana amachotsedwa ntchito. Zimenezi n'zoona, ndipo mlandu waukulu uli pa eni magalimoto ndi eni katundu. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu wongodandaula kuti "yalemera" ndi amene aloza singano, nawerengera bwana wake matani, chindapusa cha pa sikelo ndi mtengo wa matayala ophulika. Woyambayo amayesedwa waulesi. Wachiwiriyo amamveka, chifukwa akulankhula chinenero cha ndalama.

Aphunzitsi a sayansi a ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua ali ndi labotale yoyenda yokha imene imadutsa pakhomo pa sukulu tsiku ndi tsiku. Lamulo la Robert Boyle la 1662, lakuti mpweya ukapanikizidwa m'malo ochepa umakankha kwambiri, silidzaiwalika kwa mwana amene analiona likunyamula matani a shuga. Ndipo mnyamata wolakalaka chiwongolero asataye kope lake la masamu: adzalifuna tsiku loyamba limene adzakwere hosi.

Gawo lachitatu lidzafotokoza za mabuleki a mpweya ndi chifukwa chake amafooka pa mtsetse wautali.