Wailesi Sitsina Khutu

Pali mwambi umene ana a lero amaumva ngati wa ndewu pamene uli wa chikondi: wakutsina khutu ndi mnansi. Makolo adatero pofuna kunena kuti munthu wokuchenjeza mwakachetechete, tsoka lisanakugwere, ndiye mbale wako weniweni. Koma taonetsetsani mawu a mwambiwo. Kuti munthu akutsine khutu ayenera kukhala pafupi, pamene dzanja lake lingafike. Wa kutsidya kwa mtsinje angathe kukukuwira, koma kutsina ayi.

Ndayamba ndi mwambiwu chifukwa ndatopa nayo nyimbo imene imaimbidwa m'misonkhano ya zamaphunziro, yakuti sukulu zikadzatsekedwanso, chipulumutso cha mwana wa ku Malawi chidzakhala pa intaneti, pa foni ndi pa wailesi. Ine ndikukana. Njira imeneyi tidaiyesa kale, ndipo zipatso zake tikuzibereka kumbuyo.

Tikumbutsane. Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. A Sitandade 8 ndi a Fomu 4 adabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Kwa mwana wa Sitandade 3, imeneyo ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi osagwira choko. Unduna wa Zamaphunziro sudakhale manja lende, chimenecho tivomereze. Udaika maphunziro a pulaimale pa wailesi ya MBC m'pulogalamu ya Tikwere, ndipo a sekondale adawaikira zowerenga pa intaneti mogwirizana ndi makampani a mafoni. Pa pepala zidaoneka zokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kalembera wa 2018 adali atatiuza kale kuti banja limodzi lokha mwa atatu ndilo lidali ndi wailesi, ndipo mabanja ounikira magetsi adali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Amene adakonza maphunzirowo ziwerengerozi adali nazo m'kabati. Komanso aliyense wokulira kumudzi adziwa kuti wailesi ya pakhomo ili ndi mwini wake. Imapita ndi bambo kudimba, imakwera nawo njinga, imakhala nawo pa bawo. Chaka chimenecho kudali chisankho chobwereza cha pulezidenti, cha pa 23 Juni, ndipo mabatire adathera pa ndale. Ndani akadalimba mtima kuuza bambo kuti tabwereketsani wailesi, mwana aphunzire kuchotsera?

Koma tingoyerekeza kuti khomo lililonse lidali ndi wailesi ndi mabatire ake. Ndikadakanabe. Makolo athu, amene sadapite ku koleji ya zauphunzitsi, adadziwa chinthu chimene akatswiri adachiiwala. Agogo akamayamba nthano madzulo amati "Padangokhala," ana nkuyankha "Tilitonse." Kuyankhako sikongokometsera nthano. Ndi kaundula. Mawu amodzi akasowa pa "Tilitonse," agogo amadziwa kuti uje wagona, kapena wakwiya, kapena walowera kuseri kwa nkhokwe, ndipo nthano imaima mpaka apezeke. Wailesi imati "Padangokhala" nkumapitirira, kaya alipo woyankha kaya palibe. Siidziwa kuti Nangozo sadadye dzulo. Siiona kuti mtsikana amene ankakhala kutsogolo wayamba kuvala nsalu yatsopano imene makolo ake sangaigule. Mphunzitsi wabwino zimenezi amaziona nthawi yoitana maina, asanalembe ndi deti lomwe pa bolodi, ndipo theka la ntchito yake ndi limenelo, ngakhale silidalembedwe mu silabasi.

Tidatumiza maphunziro m'mlengalenga, maso a aphunzitsi nkuwatsekera m'nyumba. Zotsatira zake boma lidaziwerenga lokha: kafukufuku wake wa 2020 adapeza atsikana achichepere oposa 40,000 atatenga pathupi, ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000, m'miyezi yochepa chabe. Izi zidachitika m'dziko limene mu 2017 lidakonza malamulo ake aakulu kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulo lidalipo, wotsina khutu ndiye adasowa. Anyamata nawo sitidawawerenge bwino: adalowa m'maganyu okolola, ena kunyanja, ena kugulitsa malonda m'misika, ndipo atalawa ndalama desiki idawachepera. Nanga phala? Kwa ana ambiri, chikho cha phala cha kusukulu ndicho chakudya choyamba cha tsiku. Mabungwe monga Mary's Meals adayesetsa kugawa ufa woti ukaphikidwe kunyumba, ndipo adachita bwino kuposa ambiri a ife, koma ufa wa mwana mmodzi ukalowa m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri mudziwa nokha m'mene umathera.

Wina adzati, "Aphunzitsi akulu, mwaiwala kuti kudali mliri, mukadafuna aphunzitsi afe?" Sindidaiwale, ndipo tidaika anzathu m'manda. Koma dziko lino silidatsekedwe. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma lidalengeza mu Epulo 2020 udaimitsidwa ndi khoti lalikulu usadayambe. Misika idali yodzaza, maminibasi ankayenda, ndipo misonkhano ya ndale inkasonkhanitsa chinamtindi cha anthu opanikizana mapewa. Ngati zidatheka kukwezera anthu m'malole kuti akaombe m'manja, chidakanika nchiyani kupatsa mphunzitsi sopo, chophimba kukamwa ndi kandalama ka njinga, kuti kamodzi pa sabata akakhale pansi pa mtengo wa mango ndi ana khumi otalikirana, aone makope awo, awafunse za kunyumba, awasiyire ntchito yolembedwa pa pepala? Alipo aphunzitsi amene adachita zimenezi mwa iwo okha, popanda wowatuma ngakhale wowathokoza. Adachita mobisa ngati akuba, poopa kuti adzawanena kuti akuchititsa sukulu ya ganyu.

Winanso adzati kalasi limodzi lili ndi ana zana, mphunzitsi mmodzi angawayendere bwanji? Mutu umodzi susenza denga, nzoona, koma mitu ilipo. Sukulu ya pulaimale ili ndi komiti yake, ili ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ili ndi gulu la amayi loyang'anira atsikana. Mudzi uli ndi nyakwawa, anamkungwi ndi akulu a mpingo kapena a mzikiti. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza adathetsa maukwati a ana ambirimbiri popanda kompyuta. Adagwiritsa ntchito makutu a amayi a m'midzi ndi mphamvu ya ufumu. Ana zana a kalasi limodzi amachokera m'midzi isanu kapena isanu ndi itatu. Agaweni potsata midzi, osati potsata makalasi, mudzi uliwonse ukhale ndi mphunzitsi wake ndi mayi wake wodziwa khomo lililonse. Zikatero wailesi ipeza malo ake oyenera: ikhale imodzi ya gulu, pakati pa ana, pali wamkulu woti pulogalamu ikatha afunse kuti mwamvapo chiyani.

Musaganize kuti ndikukumba za kale. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'chigawo cha kummwera, makalasi nkusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pamene mitengo ya magetsi yagwa ndipo milatho yakokoloka, intaneti ija mudzaitapa kuti?

Kwa inu aphunzitsi aakulu amene mukadali pa mpando, musadikire kalata yochokera ku Capital Hill. M'kabati mwanu muli buku lolembamo ana olowa sukulu, ndipo pa dzina lililonse pali mudzi ndi mfumu yake. Litulutseni teremu ino. Lembani maina potsata midzi, muike dzina la mphunzitsi ndi la mayi pamwamba pa tsamba lililonse, kope lina mukapereke kwa nyakwawa pamaso pa makolo. Ntchito yonseyi ifuna makope awiri, cholembera chimodzi ndi masana a Lachisanu awiri.