Buku la mbiri ya mudzi si kalata yogulira ufumu

Ndikulembera inu abale anga a m'midzi ya m'malire, kuyambira ku Calómuè mpaka ku Biri-Biri, makamaka inu amene mwayambitsa timagulu tolemba mbiri ya midzi yanu. Inenso ndili m'gulu lotere. Sitilandira kanthu. Timakumana Loweruka tikaweruka kudimba, wina ndi kope, wina ndi telefoni yojambulira mawu. Nchitoyi ndi yabwino, koma yalowa matenda. Anthu ena akufuna kuti buku la mbiri likhale ndi pakamwa pamodzi pokha, ndipo pakamwapo pakhale pa banja limene lili pampando kapena limene likuufuna mpandowo. Ine ndikukana, ndipo ndikupempha kuti nanunso mukane.

Matendawa ali ndi gwero lake. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo lidawacotsa mafumu paudindo ponena kuti maregulo adali manja a atsamunda, ndipo midzi idayamba kuyendetsedwa ndi masekretariyo. Mu 2000, ndi Decreto 15/2000, boma lidawazindikiranso mafumu, ndipo pambuyo pake padabwera farda, mbendera ndi subsidiyo. Pa zaka 25 zapakatizo padadutsa nkhondo. Mafumu ena adamwalira, ena adathawa, ena adabwerera n'kupeza mphwawo kapena mlendo akuweruza milandu pabwalo lawo. Onjezanipo lamulo la malo la 1997, limene limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi pofuna kudziwa mwini munda. Kuyambira pamenepo zimene nkhalamba ikukumbukira zili ndi mtengo. Ndiye musadabwe kuti gulu la mbiri likangoyamba, alendo oyamba kufika amakhala anthu a milandu. Wina amabwera ndi nkhuku kuti tilembe kuti agogo ake ndiwo adayamba kugwetsa mtengo pano. Wina amabwera ndi mawu oopseza kuti tifafanize dzina la banja linzake. Kuwailesi ya m'dera kumene ndimagwira nchito amandipempha kuti ndiwerenge mbiri yoona, ndipo nthawi zonse mbiri yoonayo imakhala yawo.

Gulu la mbiri si bwalo. Milandu ya ufumu ndi ya minda ili ndi eni ake. Ife nchito yathu ndi kusunga zimene munthu aliyense wanena, ndi dzina lake, mfunda wake, tsiku limene adanena, ndi amene adamuuza iyeyo. Akasemphana awiri, timalemba zonse ziwiri, tsamba ili ndi tsamba ilo. Amene akuti kutero ndi mantha ayambe wayang'ana dziko limene tikukhalali.

Dera lino silidakhalepo ndi mbiri imodzi. Angoni a Maseko pamene adakhazikika kuphiri la Domwe ca m'ma 1870, adapeza anthu akulima kale. Ena mwa anthuwo adagonja, ena adathawira kumapiri, ena adagwidwa n'kulowetsedwa m'mabanja a Cingoni. Adzukulu a ogwira ndi adzukulu a ogwidwa lero akumwera cigubu cimodzi, ndipo ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Mukandiuza kuti mbiri ya mudzi ndi mndandanda wa manduna okha, ndikufunsani: nanga bwanji tikukangana m'Cinyanja, osati m'Cingoni? Cilankhulo cimeneci tidayamwa kwa amayi amene mayina awo simukufuna kuti alowe m'buku.

Malire nawonso adabwera mocedwa. Apwitikizi ndi Angerezi adagwirizana za mzere umenewu mu 1891, anthu ali kale m'midzi yawo. Mzerewo udadula ufumu umodzi pakati, a Gomani mbali ya Ntcheu, a Zintambira mbali ya Angónia. Udadulanso manda, madimba ndi maukwati. Gomani woyamba adaphedwa ndi Angerezi mu 1896, koma maliro ake sadalire mbali imodzi yokha ya msewu. Acewa a maiko atatu mpaka lero amakakumana ku Mkaika, ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Gulu la mbiri limene likuopa kuwoloka msewu kukafunsa azakhali okwatiwa ku Dedza likulemba theka la nkhani n'kumati yatha.

Tinene za amayi. Pakati pa Acewa mtundu umayenda ndi bele. Amene amadziwa kuti uyu adabadwa kwa yani, munda uwu udacoka kwa mbumba iti, ndi agogo aakazi ndi anamkungwi. Koma taonani mmene misonkhano yathu imakhalira: abambo pamipando, amayi pamphasa kumbuyo, akuyankha ndi m'manja basi. Mukafuna mawu awo, pitani komwe akusenda cimanga, mutumize mtsikana wa m'gulu, mfumu isakhalepo. Mudzamva za cibalo monga adacionera amene adatsala ndi ana amuna atatengedwa ndi asipayi, za mbalamatodya, za njala, za amuna amene adapita ku Rhodesia osabwerako. Zimenezi m'mndandanda wa mafumu mulibe.

Pali cifukwa cimodzi ca otsutsa cimene ndimacilemekeza. Amati nkhondo ya zaka 16 isalembedwe, cifukwa kulemba n'kutokosa cilonda. Akunena zoona kuti pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, midzi yathu idasankha kukhala cete. Anyamata obwera kunkhondo adasambitsidwa ndi mankhwala, ena adapemphereredwa, ndipo anthu adayambanso kubwerekana makasu. Kukhala cete kumeneko kudatithandiza, ndipo sindikufuna kuti gulu la mbiri likaimirire pamsika n'kumaloza zala kuti uyu adali wa Renamo, uyu adatsogolera asilikali a boma kumudzi wakuti. Pawailesi zotere sindingaulutse.

Koma kusaloza zala n'kosiyana ndi kutaya zonse. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo adali a midzi inoyi. Mudzi wanu udasamuka caka citi? Mudadzera njira iti usiku umenewo? Ndani adakulandirani, adakupatsani malo omanga msasa? Ndani adaikidwa m'manda tsidya lija? Ana angati adabadwira kumeneko? Mudapeza ciyani pobwerera? Mafunso amenewa sapha munthu. Ana obadwira kothawa lero apitirira zaka 30, ali ndi ana awo, ndipo ambiri sadziwa pomwe pagona agogo awo. Mu 2016 anthu a m'cigawo cino ca Tete adathawanso mpaka ku Kapise, m'boma la Mwanza. Kusalankhula sikudatseke njira yothawira. Akulu adati mlandu suwola. Bola ugone m'buku losungidwa bwino kusiyana n'kuti uzigona m'manong'onong'o a pamowa, momwe umakula caka ndi caka.

Tsono gulu liyende bwanji? Musanajambule munthu, muuzeni komwe mawu ake apite, ndipo avomere yekha. Mukatha, mumvetsereni zimene wanena kuti akonze kapena acotse. Akati izi zisawerengedwe iye ali moyo, lembani pacikuto ndipo musunge pangano, ngakhale atafunsa ndi mfumu kapena mkulu wa ku posto. Za kudambwe ndi za kutsimba si zanu. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma zimenezo sizikupatsani cilolezo cotulutsa zinsinsi zake. Telefoni imagwa m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa pa nthawi ya njala, motero zonse zojambulidwa zikoperedwe pamanja m'makope awiri, asungidwe m'nyumba ziwiri zosiyana, m'cidebe cotseka bwino poopa ciswe. Kope lisagone kwa mfumu, lisagone ku ofesi ya cipani ciliconse. Mlembi ndi msungi asacokere m'banja limodzi. Nkhuku ya munthu wa mlandu ibwezedwe ikadali yamoyo. Pomwe pali mapepala, monga mabuku a ubatizo a ku misyoni zakale ngati ya Lifidzi, pemphani kuona, koma muwaike pambali pa mawu a nkhalamba, osati pamwamba pake. Wansembe nayenso ankalemba zimene wauzidwa.

Ndipo lekani kudikira pulojekiti. Ndamva magulu akuti ayamba akalandira kompyuta ndi ndalama ya nkhomaliro. Cibalo cidathetsedwa m'malamulo mu 1961. Mnyamata amene adali ndi zaka 18 caka cimeneco lero wapitirira zaka 80. Iye sangadikire kuti kalata yanu iyankhidwe ku Maputo. Kope ndi colembera zimagulidwa ndi ndalama ya ndowa imodzi ya mbatatesi.

Zolembazi zili ndi kopita. Kuyambira mu 2004 dongosolo la maphunziro a pulayimale lidasiya gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi kuti ana aphunzire za kwawo. Mphunzitsi wotumizidwa kuno kucokera ku Beira kapena ku Quelimane adzaphunzitsa ciyani m'nthawi imeneyo ngati ife sitimupatsa kanthu? Tikamupatsa mndandanda wa banja limodzi, ana a mabanja ena onse adzaphunzira kuti kwawo ndi alendo.

Kwa inu mafumu athu, ndikulankhula nditagwada. Ufumu wanu sudzagwa cifukwa buku lasunga mawu a mkazi wamasiye amene akukumbukira mosiyana ndi inu. Tilandireni, tiuzeni zanu zonse, tidzalemba mosasiya liwu ndi limodzi lomwe. Koma tikacoka pakhomo panu tikupita pakhomo lina, ndipo kumeneko tikalembanso cimodzimodzi.