Masewero a ku China ndi ochedwa inde, koma andiululira mlandu wa pakhomo panga

Lero ndalemba m'Chichewa kuti alamu athu a ku Kasungu ndi ku Dedza asadzati timawanena. Nkhaniyi ndi yaitali, nde amene bandulo yatsala pang'ono yambani mwaganiza.

Sabata yatha pamsika, tikudikira magalimoto a ku Lilongwe odzapikula tomato, anzanga anandiseka koopsa. Akuti mdala iwe walowedwa chiyani, munthu wa zidzukulu kumakhalira masewero a Matchaina ngati mtsikana? Wina anati n'zotopetsa, mwamuna kuti agwire dzanja la mkazi mpaka padutse masabata atatu. Wina anati filimu ya Tchaina yeniyeni ndi ya zibakera, ya Jet Li ndi Jackie Chan, zija timaonera ku vidiyo sho. Sindinayankhe chifukwa lole inali itafika, aliyense anathamangira madengu ake. Yankho langa ndi ili.

Mwezi wa June titamaliza kukolola, mwana wanga wamkazi amene amagulitsa kaunjika ku Mzuzu anabwera kudzationa. Pochoka anasiya kafulashi, nati, "Adada, muzikaonera izi madzulo m'malo mogona ndi nkhuku." Ka TV kathu ndi ka sola, batire imatipatsa magawo awiri pa usiku basi. Mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi aja amawerenga ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3, n'kumatitembenuzira m'Chitumbuka. Seweroli dzina lake ndi All Is Well, linatuluka mu 2019, lili ndi magawo 46. Tinalionera masiku 23, ine, mayi akunyumba, mkamwana wanga ndi ana.

Nkhani yake ndi ya banja la a Su mumzinda wa Suzhou. Gawo loyamba lomwelo mayi wa pakhomo amwalira, kusiya mdala Su Daqiang ndi ana atatu. Woyamba, Mingzhe, ali ku America. Kuti akaphunzire kumeneko makolo anagulitsa chipinda chimodzi cha nyumba yawo, ndipo chinali chipinda chogona mlongo wake. Wachiwiri, Mingcheng, ndi uja wapamtima pa mayi, wadya za makolo mpaka atakwatira. Wachitatu ndi mtsikanayo, Mingyu, wanzeru kwambiri kusukulu, koma mayi ake sanafune kuwononga ndalama pa mwana wamkazi woti mawa akwatiwa n'kupita kwa eni. Anachoka pakhomo ali wowawidwa mtima, anadzilimbikira yekha mpaka kukhala bwana pakampani. Maliro atachitika, funso ndi limodzi: mdalayu asunga ndani?

Tiyambe ndi za kuchedwazo. Zoona, amachedwa. Anthu amatha kukhala patebulo kudya ndi kukangana mpaka theka la gawo, iwe n'kumati kodi zibakera ziyamba liti. Masiku oyamba ndinkagona pampando. Koma ndaona kuti kuchedwa komweko n'kumene kumakugwira. Ikanakhala filimu ya maola awiri ndikanasankha woipa mmodzi, kumutukwana, n'kukagona mtima uli mbee. Apa ayi. Mnyamata wodya za makolo uja umadana naye sabata yathunthu, kenako umazindikira kuti pa zaka zonse zomwe mkulu wake anali ku America ndipo mlongo wake sankaponda pakhomo, amene ankayendera makolo ndi iyeyo. Wa ku America uja amalankhula bwino, amalonjeza zambiri pafoni, koma akalonjeza wovutika ndi mkazi wake ndi abale ake. Pofika kumapeto palibe amene umamuloza chala ndi mtima wonse.

Ife alimi izi tikuyenera kuzimvetsa msanga kuposa a m'tauni. Tomato amakhala pa nazale pafupifupi mwezi, umawokera, umazika timitengo, umathirira, umapopera, ndipo ndalama umadzaigwira patapita miyezi. Ntchemberezandonda nazo siziyamba tsiku lomwe waona masamba obooka, zinalowa kalekale mu nsonga. Mkangano wa pabanja ndi chimodzimodzi. Umaphulikira pamaliro, koma unafesedwa zaka makumi awiri zapitazo. Sewero lofuna kuonetsa zimenezi silingathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikuti onse ochedwa ndi abwino ayi. Ena amangokokera dala kuti magawo achuluke, ngati wogulitsa mkaka wothira madzi, ndipo ku China komweko khalidwe limeneli amalitchula kuti kuthira madzi. Story of Yanxi Palace ya mu 2018, ya akazi a mfumu olimbirana mwamuna mmodzi, inali ndi magawo 70. Mu 2020 boma lawo linachita kulangiza opanga masewero kuti asamapitirire magawo 40. Nde anzanga a pamsika muli ndi mfundo. Koma pali kusiyana pakati pa nsima yochedwa chifukwa ikupsa ndi nsima yochedwa chifukwa moto wazima.

Tsopano za chikondi. Mnyamata amene amafuna Mingyu ndi mwini kalesitilanti, dzina lake Shi Tiandong. Samuimbira nyimbo, samulonjeza galimoto. Amamuphikira. Mtsikana akadwala amamutengera chakudya, akakwiya amakhala naye phee mpaka mtima utsike. Mayi akunyumba anaseka nati, uyu nde mwamuna, osati ena amene zaka 38 sanatenthetseko ndi madzi omwe. Ndinangoyang'ana kudenga.

Chomwe ndinakonda n'choti m'masewero amenewa chikondi sichiyenda chokha ngati mbuzi yosochera. Ukafuna munthu wafunanso bambo ake ovuta, alongo ake ndi ngongole zawo. Si mmene zinalili kwathu kuno? Munthu unkatuma thenga, akuluakulu ankafufuza mbiri ya mudzi, ng'ombe zinkakambidwa, ndipo pofika tsiku lotenga mkazi mabanja awiri anali atadziwana. Ku China nakonso kuli malowolo, amawatchula caili, ndipo akwera mpaka boma lawo limadandaula kuti anyamata a kumudzi akulephera kukwatira. Tikamva choncho tisamaseke, tiziyang'ana m'khola mwathu.

Zomwe ine ndimaopa ndi zina, timasewero tija ta pafoni ta mphindi imodzi kapena ziwiri, tomwenso tinayambira ku China konko. Mtsikana wosauka wamenyedwa mbama, mphindi yachiwiri wakumana ndi mpondamatiki, yachitatu akwatirana, yachinayi onse omunyoza agwada. Ana athu akuthera bandulo pa zimenezi, ndipo phunziro lake ndi limodzi: khala pomwepo, wachuma akubwera. Chikomekome cha mkuyu. Pakati pa sewero lochedwa loonetsa kuti banja ndi ntchito ndi lothamanga loonetsa kuti banja ndi mwayi wa lotale, mdzukulu wanga aonere lochedwalo.

Koma chenicheni chomwe ndalembera ndi ichi, ndipo sichophweka kuchinena pagulu.

Chaka cha njala cha 2005 ndinali ndi ana awiri ku sekondale, mnyamata ku Fomu 3 ndi mtsikana ku Fomu 2. Ndalama zinali zokwana mmodzi. Sindinagone n'komwe poganiza, yankho linali lokonzeka kale m'mutu: mtsikana adzalowoledwa n'kukamanga mudzi wa eni, mnyamata ndiye mwini mudzi uno. Ndinamuuza kuti adikire chaka chimodzi. Chakacho sichinathe mpaka lero. Amene ankakhoza bwino pa awiriwo anali mtsikanayo, aphunzitsi anachita kubwera pakhomo kudzandidandaulira, ine n'kuwauza kuti mundipatse ndinu fizi.

Mnyamatayo anapita ku Joni mu 2017 ngati anzake ambiri a muno mu Mzimba. Zaka zoyamba ankatumiza, nyumba ya malata ija munaiona. Pano patha zaka zitatu asanabwere, foni ndi ya apo ndi apo. Sindikumunyoza, ndikudziwa kuti kumeneko moyo wa mlendo ndi wowawa. Koma mayi ake atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, amene anatseka bizinesi n'kukagona pansi pa simenti masabata awiri ndi uja ndinamusiyitsa sukulu. Ndipo amene amatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kulima munda wathu tsiku ndi tsiku ndi mkamwana, mwana wa eni, amene mwamuna wake amamuonera pa WhatsApp.

Nde tsiku lomwe Mingyu ankafunsa makolo ake chifukwa chomwe anamuberekera ngati sankamufuna, mdzukulu wanga anatembenuza mawuwo bwinobwino osadziwa kanthu. M'nyumba munangoti zii. Mayi akunyumba anatuluka ngati akukaona nkhuku. Ine ndinakhala pomwepo, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti kafulashi kaja sikanasiyidwe mwangozi.

Mathero ake sindinagwirizane nawo kwenikweni. Mdala uja amadwala matenda oiwalaiwala, ndipo Mingyu amasiya ntchito yake kuti amusamale. Pali malo ena, usiku wolowera chaka chatsopano chawo, pomwe mdalayo waiwala zonse koma akukumbukira kuti mwana wake ankafuna buku la sukulu lomwe sanamugulire, ndipo watuluka kukalifuna. Pamenepo ndinalira, sindibisa. Koma nditapukuta misozi ndinadzifunsa: bwanji wolakwiridwa yemweyo ndi amene ataye zake zonse, anyamata n'kumangoyamikira chapatali? Ngati phunziro lake ndi loti mwana wamkazi ungamuchite zilizonse adzakhululuka basi, limenelo ndalikana. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, inde, koma mwambi umenewu tisamaugwiritse ntchito ngati chikwapu chokwapulira ana omwe tinawamana.

Matchaina vuto la okalamba akulidziwa bwino. Kuyambira 1980 mpaka 2015 mabanja ambiri ankaloledwa mwana mmodzi yekha, nde lero mwamuna ndi mkazi awiri okha amasenza makolo anayi. Achinyamata anathawira m'mizinda kukagwira ntchito, m'midzi munatsala agogo ndi zidzukulu. Mu July 2013 anafika poika m'malamulo kuti ana aziyendera makolo awo okalamba pafupipafupi. Ife tili ndi ana asanu, asanu ndi awiri, koma yendani m'midzi ya ku Embangweni, ku Champhira, kwa Mabulabo, muwerenge nyumba za malata zomwe mukugona agogo, mkamwana ndi tiana basi. Kusiyana kwake kuli pati?

N'chifukwa chake sindidabwa kuti masewerowa akulowa mu Africa. Ku Tanzania mu 2011 anaonetsa m'Chiswahili lina lotchedwa Doudou na Mama Wakwe Zake, la namwino wokwatiwa pabanja pomwe pali apongozi aakazi awiri chifukwa apongozi aamuna anasiya mkazi woyamba n'kukwatira wina. Linatchuka mpaka Xi Jinping analitchula polankhula ku Dar es Salaam mu 2013. Mu 2015 ku Johannesburg analonjeza ma TV a setilaiti m'midzi 10,000 ya mu Africa, ntchito inaperekedwa kwa StarTimes, ndipo Malawi inapatsidwa midzi 500. Sindine mwana, ndikudziwa kuti wokupatsa wailesi amafunanso kuti uzimva mawu ake, ndipo zomwe timaonazo ndi zomwe boma lawo lalola kuti zioneke. Tizionera maso ali tseguu. Koma nkhani ya mkamwana ndi apongozi sanatiphunzitse ndi iwo, anaipeza kuno.

Chondiwawa n'choti nkhani yathu tikuimvera m'kamwa mwa eni. Tili ndi Tikuferanji, tinali ndi Zimachitika pa wailesi, anthu aluso alipo. Ndani adzatipangire sewero la magawo 40 la mkazi wa ku Mzimba amene analowoledwa ndi ng'ombe, mwamuna ali ku Joni chaka chachisanu, apongozi akuwerengera ndalama iliyonse yobwera pafoni? Ameneyo sadzasowa oonera, kuyambira pa rodibuloko pano mpaka ku Euthini.

Podikira zimenezo, ine ndachita zitatu. Choyamba, dimba la kumunsi lija ndapereka kwa mkamwana, zomwe akolole ndi zake, ndipo ndamuuza mwamuna wake kuti ndalama za ana azitumiza kwa mkazi wake mwachindunji, zisamadzere kwa ine. Chachiwiri, tomato wa chaka chino fizi yoyamba kutuluka ndi ya mdzukulu wamkazi uja wotitembenuzira, feteleza adzabwera pambuyo. Chachitatu ndiye chinali chovuta. Ndinaimba foni ku Mzuzu. Ndinayamba ndi za mvula, za mitengo ya anyezi, kuzungulira ngati sewero la Matchaina lomwelo. Kenako ndinati, mwana wanga, za 2005 zija ndinalakwa. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yathawa. Kenako anati, "Adada, mwafika gawo liti?" Ndinati tamaliza. Anati, "Yewo, adada." Basi. Sukulu yake sindingamubwezere, ndipo sindikunama kuti zonse zatha. Koma takambapo, patatha zaka zonsezi.

Inu a m'tauni ndi a ku Joni, ndalama zanu timazilandira ndipo timathokoza. Koma ndalama sitembenuza wodwala pamphasa. Funsani kuti kumudzi amene akusenza makolo anu ndi ndani, mumuimbire iyeyo, mumufunse chomwe akusowa iye mwini. Ndipo iwe mwana wanga, ndikudziwa uwerenga izi ngakhale suyankha: December uno bwera, ngakhale chimanjamanja. Amama ako sakufuna bulangete lina.

Anzanga a pamsika, kafulashi kali pano. Wofuna abwereke, koma aonere pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake aakazi, ndipo asadzati sindinamuchenjeze. Mawa ndili kudimba kuyambira mbandakucha.